Nkhungu ya pa Gawo Lachitatu

Ku Tampere, m'nyengo yozizira,
dzuwa limaweruka ife tisanaweruke.
Timagwira ntchito m'fakitale yakale ya nsalu,
momwe agogo a anzanga ankaluka thonje;
ife timalukamo gemu.

Yanga inali nkhungu.
Miyezi khumi ndi umodzi ndinaiumba,
kuipaka pa mitengo, kuikhuthulira m'zigwa,
mpaka wosewera asaone ngakhale phazi lake.
Mapu panalibe. Panali belu lokha
lolira kutali, chakumanzere pang'ono,
ndipo wofuna kutuluka ankayenera kuima,
kusiya mabatani,
kutchera khutu.

Sindinauze munthu kuti beluyo
ndi amene anabweza bambo anga
usiku umene anasochera pofuna bowa,
ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi,
nditakhala pakhomo, nsapato zawo zam'nyumba zili pamiyendo.

Lachiwiri lina Henriikka anabwera ndi tchati.
Si munthu woipa, amatibweretsera mabanzi.
Anati: pa anthu zana, makumi anayi
amafika pa nkhungu yako n'kuzimitsa,
ndipo sabweranso.
Tinawaonera kuseri kwa galasi:
mnyamata wina akutafuna chingwe cha juzi,
mayi wina akuyasamula, akuyang'ana foni.
Ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha.
Aulis, amene amasaina malipiro athu,
anati nkhono sigula gemu.

Tinayamba ndi kuichepetsa pang'ono, nkhunguyo.
Kenako kamuvi pamwamba.
Kenako utoto wachikasu pa mwala uliwonse wokwereka,
ngati m'nkhalango mwadutsa wopenta woledzera.
Kenako kamzimu kouluka paphewa
kolankhula ukangoima masekondi asanu:
“Yesa njira iyi! Wachita bwino!”
Wachita bwino chiyani, munthu wangoima?

Imfa tinaichotsa mu Malichi.
Ukagwa kuphompho umadzuka pomwepo,
fumbi lokha pamaondo.

A ku ofesi yaikulu anafuna za ana,
anafunanso za akulu obwera kuntchito atatopa,
za wokonda nkhondo, za wokonda kulima,
za wosewera ndi chala chimodzi m'basi.
Ichi chakoma, ichi chakoma.
Tinaika mfuti. Tinaika dimba la kaloti.
Tinatsegula sitolo pakati pa nkhalango
yogulitsa zipewa za nkhandwe, mayuro atatu,
ndipo belu langa analipatsa ntchito yatsopano:
limalira ukagula.

Ndisaname, zinayenda.
Mamiliyoni anayi m'mwezi woyamba.
Palibe anachotsedwa ntchito chaka chimenecho,
Aulis anasiya kumwa mapiritsi a tulo,
ine ndinakonzetsa denga,
mano a mwana wanga anawongoledwa.
Ndalama ya chipewa cha nkhandwe
imagula mkaka ngati ndalama ina iliyonse.

Dzulo m'tramu ndinakhala kumbuyo kwa mtsikana
akudutsa gawo lachitatu.
Anali ndi foni kudzanja limodzi, apulo kwinako,
mawu atazimitsa.
Anatsata chikasu, chikasu, chikasu,
mphindi ziwiri watuluka,
osadziwa kuti anali m'nkhalango.
Nkhope yake inali yosalala ngati mbale yotsukidwa.
Sanakwiye. Sindikudziwa ngati anasangalala.

Pali chimene sindinalembe mu lipoti.
Kuseri kwa sitolo, ukakana muvi,
ukapirira kamzimu kakukalipira katatu,
pali kampata pakati pa miyala iwiri yosapentedwa.
Nkhungu yakale ndinaisiya mmenemo,
yonse, yolemera ngati bulangete lonyowa,
ndi belu lake loyamba.

Manambala amandionetsa olowamo.
Mwa mamiliyoni aja, ndi anthu mazana awiri ndi asanu ndi mmodzi.
Ambiri amathawa msanga.
Koma pali wina, sindimudziwa dzina kapena dziko,
amalowa Lamlungu lililonse usiku,
n'kuima pakati pa nkhungu mphindi makumi awiri,
osakhudza batani.

Henriikka akuti mwina amakhala wapita kukatenga tiyi.
Mwinadi.
Ine ndimakhala pano mpaka atuluke.